Mabotolo Amene Sanamere Kanthu

Lameck Gwaza atabwerako ku Zomba, kumene anakhala zaka zitatu akuphunzira kupima magazi, mikodzo ndi makhololo, anthu a kunyanja anasowa chomutchula. Sanali dokotala chifukwa sankapereka mankhwala, komanso sanali wotsuka mabala. Ankangokhala m'kachipinda ka kumapeto kwa chipatala cha mishoni, kufupi ndi Lifuwu, diso limodzi atatsinzina, linalo atalikanikiza pa makina oonera tizilombo. Mapeto ake anthu anangomutcha Agalasi, ndipo iye dzinalo linkamukomera.

Mkazi wake anali Eveles, mwana wa a Yakobo, msodzi wodziwika amene anali ndi mabwato awiri ndi khoka lalikulu. A Yakobo sankamuda mkamwini wawoyo, koma sankamuwerengeranso. Munthu wosadziwa kugwira nkhafi, wochita chizungulire bwato likangogwedezeka, iwo sankaona chimene angakambirane naye. Lameck akapita kukawaona, ankamufunsa za moyo wa mdzukulu wawo Dailes, kenako n'kubwerera ku ukonde wawo. Zimenezi zinkamudya mumtima Lameck. Ankalakalaka tsiku limene apongozi akewo adzaone kuti ntchito ya m'kachipinda kaja nayonso ndi ntchito.

Chakumapeto kwa chaka cha 1953, Dokotala Wilson, mzungu amene ankayang'anira chipatalacho, anabweretsa kabati yachitsulo yotenthetsa ndi nyale ya palafini. Anaiika pakona ya kachipinda ka Lameck n'kumufotokozera ntchito yake m'Chinyanja chake cha m'mabuku.

"Makina ako amaona kachilombo ka chifuwa chachikulu pokhapokha tizilomboto tikachuluka m'makhololo," anatero dokotalayo. "Tikakhala tochepa, iwe umati munthu alibe matenda pamene ali nawo. Tsopano tizitidzala ngati mbewu. Tizitipatsa chakudya ndi kutentha, tichulukane mpaka tioneke ndi maso."

"Timadya chiyani, bwana?"

"Mazira. Kachilombo aka kamakonda mafuta. Kamadzipangira kokha chofunda cha mafuta olimba ngati phula, n'kudzikuta nacho thupi lonse. N'chifukwa chake kamavuta kupha, ndiponso n'chifukwa chake kamakula pang'onopang'ono. Uyenera kudikira masabata asanu ndi limodzi, mwina asanu ndi atatu."

Lameck anaiphunzira msanga ntchitoyo. Ankaswa mazira, kuwasakaniza ndi timichere ndi utoto wobiriwira, kuthira m'timabotolo, kutseka, n'kutiphika panthunzi titapendekeka mpaka dziralo litagwira. Kenako ankapaka makhololo a wodwala pamwamba pake n'kuika m'kabati muja. Mwa mabotolo makumi awiri amene anadzala mu Novembala, asanu ndi awiri anamera tinthu totuwira ngati gaga wouma. Lameck ankatenga botolo lotere n'kuliyang'ana padzuwa, mtima uli dyokodyoko ngati mlimi amene chimanga chake chatuluka bwino.

Vuto linabwera ndi mvula ya Januwale. Lamulo la dokotala linali lakuti botolo lililonse liwiritsidwe, liume gwa, lisanagwiritsidwe ntchito. Koma dzuwa linasowa kwa masabata awiri, ndipo mabotolo ankagona pathebulo ali ndi timadontho m'kati, odwala ali pamzere. Pashelefu panali botolo lalikulu lofiirira la mankhwala otchedwa asetoni, amene Lameck ankapukutira mafuta pa timagalasi ta makina ake. Anali madzi oyera, onunkhira mobaya m'mphuno, ozizira pachala, ndipo ankauma munthu akuona. Tsiku lina anathirako pang'ono m'botolo lonyowa, kugwedeza, kukhuthula. Botololo linawala mbee nthawi yomweyo.

Anasangalala kwambiri. Kuyambira tsiku limenelo botolo lililonse, lolavulira makhololo ngakhale lothira mazira, ankalitsukuluza ndi asetoni n'kulitseka msanga kuti fumbi lisalowe. Timadzi tikatsalira pansi sankadandaula. Ankati ndi mankhwala oyeretsa, kuchuluka kwake ndiye ubwino wake. Dokotala sanamuuze. Ankafuna kuti mzunguyo azingodabwa kuti Lameck amatha bwanji kukhala ndi mabotolo ouma m'dzinja.

M'mwezi womwewo Eveles anabwerako kumudzi kwawo nkhope ili yakugwa.

"Bambo a Dailes, chifuwa cha abambo chija sichikutha. Chinayamba tisanadzale. Amayi akuti akumadzuka malaya ali chonyowa ndi thukuta, ndipo lamba aboola kale bowo lina."

"Abwere kuchipatala."

"Mukuwadziwa inu. Akuti kuchipatala amapita ndi anthu ofuna kufera pabedi."

Lamlungu lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, Lameck anapalasa njinga mpaka kwa apongozi ake, botolo lili m'thumba la jekete. Anawapeza pansi pa mtengo wa mtondo akusoka ukonde. Ananjuta chapatali monga mwa ulemu, n'kufotokoza chimene wabwerera. A Yakobo analitembenuza botololo, analinunkhiza, n'kukwinya mphuno.

"Ndiye mukufuna mutenge malovu anga mukawasunge m'kabati?"

"Makhololo, bambo. Ochokera pansi penipeni."

"Kwathu kuno munthu wotolera malovu a anzake timamutchula dzina lina."

Anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo chifuwacho chitawagwira analavulira m'botolomo n'kumupatsa osamuyang'ana.

Pa makina, Lameck sanaone kanthu. Anadzala pa dzira n'kudikira. Lolemba lililonse ankatulutsa botolo la apongozi akewo, ndipo Lolemba lililonse dziralo linali losalala, lobiriwira, ngati laphikidwa dzulo. Masabata asanu ndi atatu atakwana, chakumapeto kwa Malichi, anavala malaya oyera n'kupita kumudzi kuja.

Anapeza amuna onse a khoka la a Yakobo ali pabwalo, akumanga zoyandamitsa ndi miyala pa ukonde, pokonzekera kupita ku Mbenji, chilumba chimene asodzi amakakhalako miyezi yambiri nyengo yopha nsomba ikatsegulidwa. Luka, mchimwene wake wa Eveles, anali pomwepo. Lameck akanatha kuwaitanira pambali apongozi akewo. Koma anaona kuti anthu alipo ambiri, ndipo analankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Bambo, ndapima ndekha, kawiri konse. Chifuwa chachikulu mulibe. Ndi chifuwa wamba, cha fodya ndi mphepo."

A Yakobo anaika singano pansi. Anamuyang'ana kumaso, mwina koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Mwaonetsetsa?"

"Ndaonetsetsa, bambo. Mabotolo aja sanama."

"Mwamva inu?" anatero a Yakobo potembenukira anyamata awo. "Munkati chaka chino nditsala ndi amayi kumudzi. Akamwini anga akuti ndili bwino. Luka, katenge chambo chachikulu chija uwamangire panjinga."

Lameck anapalasa njinga kubwerera kwawo akuimba mluzu njira yonse. Mu Epulo a Yakobo anawoloka kupita ku Mbenji ndi Luka ndi amuna ena asanu ndi mmodzi.

Patapita sabata imodzi, Dokotala Wilson analowa m'kachipinda kaja n'kuyamba kutsegula buku la zotsatira. Anabwerera m'mbuyo masamba angapo, n'kubweranso kutsogolo.

"Lameck, kuyambira Januwale palibe botolo limene lamera. Ngakhale limodzi. Chifuwa chachikulu chatha ku Salima kuno?"

"Kapena nyale ija ikumazima, bwana. Kapenanso ndi mazira. Nkhuku za m'dzinja zimadya zambiri."

Ananena zimenezi mosaganiza, pongofuna kuyankha. Dokotalayo anatha masiku awiri akumasula nyale ya kabati ija, ndipo anauza mayi amene ankabweretsa mazira kuti asiye kaye kubwera.

Tsiku lachitatu Lameck anatenga mabotolo akale osamera aja kuti awatsuke. Atangotsegula loyamba, fungo lija linamubaya m'mphuno. Anatsegula lachiwiri, chimodzimodzi. Asetoni uja sanapite kulikonse. Anatsekeredwa m'katimo pamodzi ndi dzira ndi tizilombo kwa miyezi iwiri. Lameck anakhala pansi. Anakumbukira mawu a dokotala, akuti chofunda cha mafuta. Anatenga kagalasi kamene kanali ndi mafuta a makina, n'kudonthetsapo asetoni monga ankachitira tsiku lililonse. Mafutawo anasungunuka, n'kuyenderera, n'kutha. Anachita zimenezi mwina kachikwi chiyambire ntchito, koma tsiku limenelo anaona m'maganizo chofunda cha tizilombo tija chikusungunuka chimodzimodzi.

Khomo la ofesi ya dokotala linali pafupi, mapazi khumi okha. Lameck sanapiteko. Anadziuza kuti munthu wophunzira sathamangira kunena chinthu asanatsimikize. Muwodi ya amuna munali wodwala wina amene makhololo ake anali odzaza ndi tizilombo, tooneka ngati timitengo tofiira pa makina. Dzuwa linali litayambanso kuwala, choncho Lameck anatenga mabotolo awiri, lina louma ndi dzuwa, lina lotsukuluza ndi asetoni monga ankachitira m'dzinja. Anadzala makhololo a munthu mmodzi yemweyo m'mabotolo onse awiri, n'kuwabisa kumbuyo kwenikweni kwa kabati. Asetoni uja anasiya kumugwiritsa ntchito pa mabotolo ena onse, mwakachetechete.

Masabata amene anatsatirawo Lameck sanawaiwale moyo wake wonse. Ankadziwa kuti sakudikira kuti atsimikize. Fungo lija linali litamuuza kale zonse. Ankangogula masiku. Kutchalitchi Eveles anaimirira pa msonkhano wa amayi n'kuthokoza Mulungu kuti bambo ake anapezeka opanda nthenda yoopsa ija, ndipo amayi ena anabwera kudzamugwira chanza Lameck. Mu Meyi, munthu wina wogula nsomba amene anachokera ku Mbenji anapatuka kunyumba kwawo n'kunena kuti a Yakobo sakupitanso pamadzi, akungokhala mumsasa, akutsokomola kwambiri.

Eveles anayang'ana mwamuna wake.

"Ndi mwera," anatero Lameck, maso ali pa nsapato zake. "Mphepo ya pachilumba ndi yoipa."

"Ndimadziwa kuti ndi mwera," anatero Eveles, n'kupumira m'mwamba. "Mwayi wake munawapima."

Pa sabata yachisanu, botolo louma ndi dzuwa lija linamera gaga wotuwira uja paliponse. Linzake linali losalala. Lameck anawabweza m'kabati n'kukhala nawo masiku ena atatu. Pa tsiku lachinayi m'mawa anawatenga, limodzi kudzanja lililonse, n'kukagogoda kwa dokotala.

Anafotokoza zonse ataimirira. Dokotala Wilson anatsegula botolo losamera lija n'kununkhiza. Poyamba nkhope yake inaoneka ngati ya munthu amene watola chinthu panjira.

"Makhololo a munthu mmodzi? Tsiku limodzi? Taona, Lameck. Timadzi tochepa chonchi, kachilombo kalephera kukula. Mwina asetoniyu amasungunula chofunda chake. Mwina amakalepheretsa kupanga mafuta ena, ndipo popanda mafutawo sikangagawikane. Sindikudziwa kuti chenicheni n'chiti." Kenako anaika botololo pansi, nkhope n'kusintha. "Anthu angati tinawauza kuti alibe matenda?"

"Makumi awiri ndi atatu, bwana."

"Mabotolo awiriwa unadzala liti?"

Lameck anatchula tsiku.

"Ndiye kuti pamene ine ndinkamasula nyale ija, iwe unali utadziwa."

"Ndinadziwa mawa lake."

Dokotalayo anatembenukira kuzenera. Panja pankamveka amayi akusinja mpunga kumakhitchini a odikirira odwala.

"Za asetoni, cholakwa ndi changanso. Sindinakuuze kuti usamuike m'mabotolo, ndiponso sindinafunse kuti amauma bwanji m'dzinja. Koma masabata asanu awa ndi ako wekha. Utenge njinga. Upite kwa munthu aliyense, umuuze kuti abwerenso."

"Bwana, sitingalembe makalata? Tinene kuti tikufuna kupimanso basi?"

"Anamva pakamwa pako kuti ali bwino. Akamvenso pakamwa pako."

Woyamba kuuzidwa anali Eveles. Anamupeza kuseri kwa nyumba akuyanika zovala, Dailes ali kumbuyo. Lameck analankhula za mabotolo, za mvula, za mafuta a tizilombo, ndipo mkaziyo anamusiya mpaka anamaliza.

"Za mafutazo sindikuzimva," anatero Eveles. "Ndiuzeni chimodzi. Tsiku lija munati ndi mwera, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Eveles anafinya malaya amene anali m'manja mwake, anawayanika, n'kuwawongola bwinobwino m'mphepete. Anali malaya oyera a kuntchito a Lameck.

"Ine ndinaimirira pamaso pa amayi onse aja," anatero, n'kunyamula beseni kulowa m'nyumba.

Ulendo wa panjinga unamutengera masiku asanu ndi anayi. Anazungulira midzi ya m'mbali mwa nyanja, n'kulowa kumtunda mpaka kufupi ndi boma. Ena anali bwinobwino, akukolola, ndipo anangoseka n'kumupatsa chinangwa. Ena anakana kubwerera. Mkulu wina anamufunsa kuti, "Ngati munanama ulendo woyamba, ndidziwa bwanji kuti lero ndiye mukunena zoona?" Anayi anawapeza ali gone pamphasa, ndipo anakonza zoti anyamulidwe pa machira.

Dzina lakhumi ndi chisanu ndi chiwiri pa mndandanda wake linali la Che Bwanali, telala wa m'mudzi wina wa Asilamu. Lameck atafunsa nyumba yake, anthu anayang'anana, kenako wina analoza. Pakhonde panali makina osokera atafunditsidwa nsalu. Mkazi wa Che Bwanali, mayi Asiya, anali m'masiku ake obindikira, choncho analankhula naye ali m'kati, chitseko chili chotsegula pang'ono.

"Jeneza yonyamula maliro a amuna anga inatuluka pakhomo pano masabata awiri apitawo," anatero mayiyo. "Ndinu a kuchipatala aja? Pepala lanu lilipo."

Dzanja linatuluka pachitseko litagwira kapepala kopindidwa kanayi. Lameck anazindikira zolemba zake, ndi siginecha yake yokhotakhota imene ankainyadira.

"Atabwera nalo pepalali anaphika mpunga, anaitana ashehe ndi anansi, tinathokoza Mulungu. Magazi atayamba kutuluka ndinawauza kuti tibwerere kuchipatala. Iwo anati, ndikatani, pepala likuti ndilibe kanthu."

Lameck anafotokoza chimene chinachitika. Anayesetsa kuti asadzichepetsere mlandu, koma mawu ake omwe ankamveka ngati a munthu wodziikira kumbuyo.

"Tsiku la munthu amalemba ndi Allah," anatero mayi Asiya. "Ine sindikuti mwapha ndinu. Koma ndifunse. Cholakwacho mwachiona liti? Dzulo?"

Akanatha kuvomera. Mayiyo sakanadziwa.

"Papita masabata asanu ndi awiri, mayi."

Kenako kapepala kaja kanagwera pakhonde, pafupi ndi phazi lake.

"Tengani chinthu chanu."

"Mayi, ana anu ankagona chipinda chimodzi ndi bambo awo. Chonde, abwere tikawapime."

"Akawapime ndani? Inuyo?"

"Adokotala adzaona okha botolo lililonse."

Chitseko chinatsekeka. Lameck anatola kapepalako, n'kukankha njinga yake mpaka kutuluka m'mudzimo.

Dzina lomaliza linali la a Yakobo. Anadikira masiku awiri padoko kuti mwera uleke, ndipo m'mawa wa tsiku lachitatu anakwera bwato la ogula nsomba. Anasanza njira yonse, opalasa akumuseka. Anafika pa Mbenji dzuwa lili pamutu, buluku lili chonyowa. Paliponse panali mathandala oyanikapo utaka, ndi utsi, ndi ntchentche. Munthu wina anamulozera msasa wa a Yakobo.

Unali msasa waudzu, waufupi, wopanda zenera. Lameck atasuzumira anaona mphasa zisanu ndi zitatu zitayalidwa mogundana. Apongozi ake anali atakhala pakhomo pake, atafunda bulangete masana onsewo, akusoka kachigamba ka ukonde. Khosi lawo linali litatsala mitsempha yokha. Pambali pawo panali chigoba cha nkhono chothira mchenga, cholavuliramo, ndipo mchengawo unali wofiirira.

"Akamwini? Mwawoloka nyanja inu? Kwagwanji kumudzi?"

"Kumudzi kuli bwino, bambo. Ndabwera ndi mawu."

Ananjuta n'kunena motsitsa mawu. A Yakobo anamvetsera osasiya kusoka. Atamaliza mfundo imene ankamanga, anadula ulusi ndi mano.

"Mawu oyamba aja munanenera pagulu," anatero. "Awanso munenere pagulu. Anyamatawa akhala akupuma mpweya wanga miyezi iwiri."

Anatuma munthu kukaitana Luka ndi anzake kumathandala. Anabwera manja ali mamba okhaokha, ndipo asodzi a misasa ina nawonso anayandikira poona munthu wovala nsapato. Lameck anaimirira pakati pawo n'kubwereza zonse. Ananena kuti mabotolo anawawononga ndi iye, kuti a Yakobo n'kutheka ali ndi chifuwa chachikulu, kuti onse ogona mumsasawo ayenera kukapimidwa, ndiponso kuti anadziwa mu Epulo koma anaopa kunena.

Luka anaponya pansi dengu limene ananyamula.

"Alamu, mu Epulo? Bwato limabwera kuno sabata iliyonse! Mukanangotuma mawu, ngakhale opanda dzina!"

"Zoona, alamu."

"Mukuti zoona? Ndi zokhazo?"

"Luka, khala chete," anatero a Yakobo. "Wanena yekha, palibe anamugwira pakhosi. Pasulani msasa. Khoka musiyire a Lenard a msasa wapafupiwu, atiphere mpaka tidzaone." Anayesa kuimirira, analephera, ndipo Lameck atatambasula dzanja kuti awathandize, iwo anagwira phewa la Luka.

Pobwerera palibe amene analankhula naye m'bwatomo.

Makhololo a a Yakobo sanafunikenso kudzala. Tizilombo tinali titachuluka moti Lameck anationa atangoika diso pa makina. Luka ndi mnzake mmodzi anapezekanso nato patapita miyezi iwiri, mabotolo awo atamera. Mayi Asiya, masiku awo obindikira atatha, anabwera ndi ana atatu. Anadutsa pakhomo pa kachipinda ka Lameck osayang'anamo, n'kupita kwa dokotala. Mwana wamng'ono anapezeka ndi matendawo, anagonekedwa, ndipo anachira.

Dokotala Wilson sanamuchotse ntchito Lameck. M'malo mwake anamupatsa ntchito ina yowonjezera. Ankafuna kudziwa bwino zimene asetoni amachita, choncho Lameck ankakonza mabotolo m'mizere, lina dontho limodzi, lina awiri, lina asanu, lina lopanda kanthu. Anapeza kuti dontho limodzi linkangochedwetsa tizilombo, n'kumera mochepa ndi mochedwa, pamene madontho ambiri ankatiletseratu. Totsala tija, akatipaka utoto wofiira, sitinkaugwira bwino ngati tinzake, ngati kuti chofunda chija chaperepeseka. Dokotalayo ankasangalala nazo zimenezi ndipo analembera mnzake wina kunja. Anafunsa Lameck ngati angalole kuti dzina lake likhale m'kalatamo, popeza kuyesa koyamba anachita ndi iye. Lameck anapempha kuti lisakhalemo.

A Yakobo anagona m'chipatala miyezi isanu, akubayidwa jakisoni tsiku lililonse. Chifuwa chinayamba kuchepa, thupi linabwererako pang'ono, koma jakisoniyo anawawononga makutu. Pofika Okutobala, munthu ankayenera kukuwa kuti amve. Eveles ankawabweretsera chakudya m'mawa ndi masana. Kunyumba ankamuphikira mwamuna wake, kumuchapira, kumuyankha akafunsa, koma nkhani zoseka zija zinatenga chaka kuti zibwerere.

Lameck ankadutsa pawodi ya amuna kangapo patsiku. Ankapereka moni kwa apongozi ake ndi manja, iwo n'kugwedeza mutu. Pachilumba paja anafotokoza zimene anachita, koma mawu opepesa sanawanene, ndipo tsiku lililonse ankati anena mawa. Tsiku lina masana, ataona kuti odwala ambiri akuwodzera, analowa n'kunjuta pambali pa bedi.

"Bambo, ndinakulakwirani. Pepani."

"Mwati?"

"Ndati pepani, bambo."

A Yakobo anaika dzanja kukhutu. "Kwezani mawu, akamwini. Ndikungoona milomo."

Lameck anayang'ana uku ndi uku. Muwodimo munali mabedi khumi ndi awiri, ndipo pa bedi lachitatu panali Luka, maso ali tong'o. Namwino anali pakhomo ndi thireyi ya mankhwala.

"Ndati ndinakulakwirani! Ndinadziwa, ndinabisa! Pepani, bambo!"

Wodi yonse inadzuka. Wina kumapeto anafunsa mnzake kuti kwachitika chiyani. Namwino anaima ndi thireyi yake.

A Yakobo anachotsa dzanja kukhutu.

"Ndamva," anatero. "Musakuwe, muli odwala muno. Tandipatsirani madziwo."

Lameck anathira madzi m'kapu, ena n'kutayikira pabulangete. A Yakobo anamwa, n'kumubwezera kapuyo, n'kugona atayang'ana kukhoma.

Anatuluka m'chipatala mvula yoyamba itagwa. Ku Mbenji sanapitekonso. Anakhala zaka zina zitatu akusoka maukonde a anthu pamudzi, ndipo anamwalira mu 1957, nthenda ija itabwereranso. Luka anachira n'kutenga khoka la bambo ake, koma kunyumba ya mlongo wake ankabwera nthawi imene akudziwa kuti mlamu wake ali kuntchito. Lameck anagwira ntchito pachipatalapo mpaka anakalamba.